Foni ndi Yanga, Nanga Zam'katimo n'Zayani?

Munthu wotuluka mu Lusaka ndi msewu waukulu wa Great East, akapitirira mphambano yokhotera ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, afika pa Silverest, malo amene kale adali mafamu ndi minda ya m'dziko la Asoli, koma lero adzala nyumba za mipanda, tinyumba ta mobile money, ndi ophunzira a pa University of Lusaka oyenda maso ali pa foni. Pano pakumana amene adabadwa foni ilipo kale ndi amene foni idawapeza ali ndi imvi; ndipo ngakhale asiyana msinkhu, mafunso awo afanana, pakuti onse aigwira m'manja naitcha yawo, koma ndi owerengeka amene adziwa pamene umwini wawowo ulekezera. Safunsa adadya phula. Mafunso ali m'munsiwa ndiwo amveka kawirikawiri m'minibasi, pa msika ndi pa bwalo la tchalitchi.

Kodi intaneti imachokera kuti, ndipo n'chifukwa chiyani netiweki imatitaya chikhalirecho tili pakhomo pa Lusaka?

Ambiri ayesa kuti intaneti ikhala m'mlengalenga, koma ulendo wake waukulu uyenda m'zingwe zopyapyala za galasi, zokwiriridwa m'mbali mwa misewu kapena zopachikidwa pamodzi ndi nthambo za magetsi. Ndipo popeza dziko lino silikhudza nyanja yamchere, zingwe zathu ziyenera kudutsa kwa anansi monga Tanzania, Mozambique ndi Namibia kuti zikalumikizane ndi zinzake zogona pansi pa nyanja. Mtunda wonsewo ulipiridwa, ndipo wolipira wotsiriza ndi inu wogula bandulo. Chiyambi cha intaneti m'dziko lino chili pa msewu wathu womwewu, pakuti mu 1994 University of Zambia idakhazikitsa ZAMNET, imene idaika Zambia pakati pa maiko oyamba a mu Africa kulumikizidwa kwathunthu. Choyenda mumphepo ndi kachigawo kotsiriza kokha, kochokera pa nsanja ya kampani kufika pa foni yanu. Ndipo nsanja ili ndi muyeso wa anthu amene ingawatumikire nthawi imodzi, kotero kuti pamalo pamene nyumba zimera msanga kuposa nsanja, madzulo onse akaweruka natsegula kanema, aliyense alandira pang'ono. Nsanja idyanso magetsi. M'chilala cha 2024, madzi ataphwa ku Kariba ndipo magetsi akuthima kufikira maola 21 pa tsiku, mabatire a nsanja zambiri ankatha magetsi asanabwere, ndipo amene adaika sola kunyumba adali ndi foni yodzala moto koma yosowa poyankhulira. Mu Okutobala 2023 kudabwera Starlink, imene sidalira nsanja, koma mtengo wake sunafike pa thumba la munthu wamba.

Bandulo yanga yatha dzuwa lisanalowe. Kodi kampani yandibera?

Sitinena kuti makampani salakwa, koma kawirikawiri wakudya bandulo ali m'foni momwemo. Kanema adya koposa mawu olembedwa, kotero kuti kanthawi kochepa pa TikTok kangamalize zimene mauthenga a mlungu wathunthu sakadamaliza. Facebook iyamba kuonetsa kanema musanaipemphe, WhatsApp itsitsa yokha zithunzi zonse za m'magulu, ndipo foni ikonzanso mapulogalamu ake inu muli m'tulo. Zonsezi zili ndi pozitsekera, ndiponso foni ili ndi malo osonyeza pulogalamu imene yadya zochuluka. Mukayang'ana pamenepo nimupeza kuti mawerengedwe sagwirizana, kapena kuti tokotaimu yanu ikudulidwa chifukwa cha mauthenga a mpira ndi tinyimbo timene simudapemphe, musangong'ung'udza m'basi: yambani mwadandaula ku kampaniyo, sungani nambala ya dandaulo lanu, ndipo akapanda kukuthandizani kaliperekeni ku ZICTA, bungwe limene lamulo la 2009 lidaliika kuti liyang'anire Airtel, MTN, Zamtel ndi anzawo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ndapeza foni yotsika mtengo kwa munthu m'tauni. Pali choopsa chanji?

Foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake yotchedwa IMEI, imene ioneka mukaimba *#06#, ndipo kusintha simu khadi sikuisintha. Apolisi polondola foni yobedwa atsata nambala imeneyi, ndipo amene wapezeka nayo m'thumba ndiye ayamba kufunsidwa, angakhale mkulu wa mpingo amene adaigula mosadziwa pa Katondo Street. Chifukwa chake yerekezani nambalayo ndi ya pa bokosi, ndipo musachoke wopanda risiti yolembedwa dzina la wogulitsa. Alipo mafoni enanso ogulidwa pa ngongole, amene mwini ngongole atha kuwatseka ali kutali malipiro akaima. Wina aigulitsa ngongole isanathe, ndipo patapita masiku ochepa wogula wachiwiri atsala ndi foni yosatseguka.

Mlamu wanga wataya chitupa. Kodi n'kulakwa kumulembetsera simu khadi pa chitupa changa cha NRC?

Pano m'pamene chifundo chathu chapweteka ambiri. Pamaso pa lamulo, nambala yolembedwa pa chitupa chanu ndinu amene: ngongole ikatengedwa pa nambalayo, uthenga woopseza ukachokera pamenepo, kapena ndalama zakuba zikadutsirapo, dzina loyamba kutuluka m'makina ndi lanu, ndipo mudzafunika kudziyeretsa pa mlandu umene simudaudziwe. Mbala za pafoni zisowa masimu khadi a maina a eni monga mmene mbala zakale zinkasowera mdima. Mu Epulo 2024 a Drug Enforcement Commission pamodzi ndi apolisi adazinga nyumba ina ku Roma mu Lusaka, nagwira anthu 77 ndi masimu khadi oposa 13,000. Ndipo mu Juni chaka chomwecho nzika za ku China zoposa 20 zidalamulidwa kukhala m'ndende zaka zoyambira 7 kufikira 11. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri mwa ogwidwa tsikulo adali achinyamata a dziko lino, amene adalembedwa ntchito yocheza ndi anthu pa WhatsApp ndi Telegram ndi mawu owalemberatu. Ndipo wophunzira aliyense wofuna ganyu ya pa intaneti ayenera kukumbukira nkhani imeneyi asanavomere ntchito imene saona chimene igulitsa.

Chinyengo chofala tichidziwa tonse: uthenga wakuti ndalama zija mutumize pa nambala iyi, wotumizidwa kwa anthu zikwi poyembekeza kuti mmodzi mwa iwo adalidi pafupi kutumizira mbale wake, kapena munthu wa mawu aulemu wodzitcha wa ku kampani, amene ati akaunti yanu itsekedwa mukapanda kumuuza pini. Palibe wantchito wa kampani kapena wa banki amene afunikira pini yanu, ndipo pa kanyumba ka mobile money muisindikize nokha ndi chala chanu. Chimodzimodzi manambala 6 amene WhatsApp itumiza pa foni: amene mwamuwerengera manambalawo watenga akaunti yanu, ndipo ayamba kupempha ndalama kwa abale anu onse m'dzina lanu.

Ndalipira bandulo kuti nditsitse nyimbo. Kodi nyimboyo si yanga tsopano?

Iyayi. Ndalama ya bandulo yapita kwa mwini nsanja amene wakunyamulirani nyimboyo, ndipo woimba sadalandirepo ngakhale ngwee imodzi. Lamulo la dziko lino la Copyright and Performance Rights Act, la 1994, liika umwini m'manja mwa amene wapeka nyimbo, walemba buku kapena wajambula chithunzi, popanda kuti ayambe wakalembetsa ku ofesi. Ndipo umwiniwo ukhala masiku onse a moyo wake ndi zaka zina 50 atamwalira, kuti ana ndi adzukulu adyeko thukuta la kholo lawo. Kukopera nyimbo za eni m'mafulashi ndi kugulitsa ndi mlandu, ndipo kuziika pa tsamba lanu kuti aliyense atsitse ndi kulakwira mwini komweko, ngakhale inu musalandirepo kanthu. Mwini bala, mwini holo ya maukwati ndi nyumba ya wayilesi, amene akoka anthu ndi nyimbo, ayenera kulipira chilolezo ku ZAMCOPS, bungwe losonkhanitsira oimba malipiro awo.

Wina adzati, oimba athu amatumiza okha nyimbo zawo pa WhatsApp kuti atchuke, nanga ife tilakwa chiyani? Kumeneko ndi kufuna kwa mwini, ndipo mwini ali ndi ufulu wopereka chake kwaulere. Chimene ife tilibe ndi ufulu womusankhira. Tisayesenso kuti nyimbo za kwathu n'zopanda mtengo. Paul Ngozi adamwalira mu 1989, ndipo kwa zaka zambiri mbale za gulu lake la Ngozi Family, za WITCH ndi za Amanaz zidasowa m'masitolo a dziko lino, kufikira kampani ya ku America ya Now-Again idazitulutsanso. Mu 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, adatenga chigawo cha nyimbo ya Ngozi Family ya 1977 nachiika m'nyimbo yake yotchedwa Noid, imene idamveka pa dziko lonse lapansi. Ndipo dzina la malemuyo lidalembedwa pakati pa eni ake, pakuti umwini wake sudaikidwe naye m'manda. Ngati mlendo wa kutsidya kwa nyanja alemekeza chotero chuma cha mwana wa kwathu, ife a pakhomo tidzawiringula chiyani? Ndipo kwa mnyamata kapena mtsikana amene akujambula nyimbo zake m'chipinda cha lendi pano pa Silverest ndinena ichi: musanalowe mu situdiyo, lemberanani ndi wokujambulaniyo kuti nyimbo n'njayani ndi kuti phindu mudzagawana motani, nimusunge pepalalo. Nkhanga zidapangana kusanapse.

Nanga zimene ndalipira mwachilungamo pa Spotify, Netflix kapena DStv, sizikhala zanga?

Kale munthu akagula kaseti kapena buku, chinthucho chidali chake ndithu: ankatha kubwereka mnzake, kugulitsa, kapena kusiyira mwana wake. Malonda a lero ndi ena, pakuti chimene mulipira ndi chilolezo chakumvera kapena kuonera kwa nthawi. Ndipo wolipirayo afanana ndi wokhala m'nyumba ya lendi, amene angakhalemo zaka zambiri nadzala maluwa pakhomo, koma mwezi umene walephera kulipira atuluka wopanda ngakhale njerwa imodzi. Ngakhale pamene palembedwa kuti gulani, mphamvu itsala kwa wogulitsa. Mu Julaye 2009 kampani ya Amazon idafufuta mabuku ena a George Orwell m'makina owerengera a anthu amene adawagula, niwabwezera ndalama zawo, popeza amene adaika mabukuwo pamalonda adalibe ufulu wake. Eni makina adangopeza buku palibe. Sitikunyoza malondawa, chifukwa womvera pa Spotify kapena Boomplay apatsako woimba kanthu, kumene wokopera fulashi sachita. Tingofuna munthu adziwe chimene wagula. Tsamba lanu la pa Facebook nalonso lili pa malo a eni, ndipo lingatsekedwe kapena kubedwa usiku umodzi. Zithunzi za ukwati wanu, za ubatizo wa mwana, za amayi anu amene adatisiya, musazisunge pamenepo pokha: koperani pena, ndipo zokondedwa koposa muzitsukitse pa pepala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ndikajambula chithunzi ndi foni yanga, kodi sindingachiike pamene ndifuna?

M'chithunzi cha munthu muli eni awiri: luso ndi la wojambula, koma nkhope ndi ya wojambulidwa. Mukachiika pa Facebook kapena pa TikTok umwini wanu sutha, monga ena aopera, koma mwa kuvomera mapangano aja amene tonse tivomera osawerenga, mwapatsa kampaniyo chilolezo chakuchisunga ndi kuchionetsa m'maiko onse osakulipirani. Za nkhope ya mnzanu, lamulo la Data Protection Act la 2021 liwerenga chithunzi, dzina, nambala ya foni ndi mbiri ya matenda monga zinthu za munthu mwini, zimene sukulu, mpingo, chipatala kapena kampani sizingasonkhanitse ndi kufalitsa popanda chilolezo chake kapena chifukwa chovomerezeka ndi lamulo. Ndipo za mwana, wovomereza ndi kholo kapena womlera. Muli ndi ufulu wofunsa chimene akusunga cha inu, ndi kupempha kuti chikonzedwe kapena chifufutidwe. Okongoza ndalama a pa foni amene atenga maina onse a m'foni mwanu, nayamba kuuza apongozi anu ndi abusa anu za ngongole yanu, sachita zimenezo ndi mphamvu ya lamulo.

Koma lamulo lifika mochedwa pamene mwambo udafika kale. Ngozi ikachitika pa Great East, taona anthu akuthamangira pamalopo foni zili m'mwamba, wovulala akali kupuma. Ndipo mayi ali ku Chipata kapena ku Katete aona malaya a mwana wake pa foni ya mnansi, mthenga asananyamuke. Makolo athu sadasiye uthenga wa maliro m'kamwa mwa aliyense: ankayamba kuuza mfumu, nasankha munthu wodziwa kuyankhula, amene ankafika pakhomo, nakhala pansi, nayamba ndi akulu, kuti wofedwayo agwe m'manja mwa anthu. Dongosolo limeneli lidali chifundo, ndipo liwiro la foni silidalithetse ntchito. Ine ndiona kuti munthu amene alengeza imfa pa WhatsApp banja lisananene walanda banjalo chinthu chimene sangathe kubweza, ngakhale adachita ndi mtima wachisoni. Momwemonso malangizo a m'nyumba ya alangizi, amene amayi adawasunga mibadwomibadwo, sayenera kutuluka pa kanema chifukwa chakuti mmodzi mwa oitanidwa adali ndi foni yabwino. Ndipo za zithunzi zamaliseche zimene wina afalitsa chibwenzi chitatha, dziwani kuti kuzifalitsa ndi mlandu. Ndipo ngati wojambulidwayo ndi mwana, ngakhale kungozisunga m'foni ndi mlandu waukulu. Amene wazilandira azifufute, asazipititse.

Ine sindidalembe, ndangotumiza zimene ndalandira. Mlandu wanga uli pati?

Pa mlandu woipitsa mbiri ya munthu, wobwereza bodza awerengedwa wofalitsa monga woyambitsa, ndipo mawu akuti ndatumiza monga ndalandirira satchinjiriza munthu m'bwalo la milandu. Koma choopsa chiposa khoti. Kumayambiriro kwa 2020, mbiri ya anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku, imene idayambira ku Chingola, idayenda dziko lonse pa mafoni, ndipo anthu pafupifupi 50 adaphedwa ndi makamu, ambiri a iwo ongoganiziridwa, ena alendo amene adangosochera njira. Ku Malawi nako mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe. Aliyense amene adapititsa uthenga uja adayesa kuti akuchenjeza abale ake. Masiku ano kwaonjezekanso makina otha kupanga mawu ndi nkhope ya munthu wodziwika nazinenetsa zimene iye sadanene, kotero kuti kuona kanema sikulinso umboni wokwanira. Musanatumize, dzifunseni kuti adayamba kunena ndani, zidachitika liti ndi kuti, ndipo ngati nyuzipepala, wayilesi kapena ofesi yokhudzidwayo yanenapo. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Adimini wa gulu la mpingo kapena la oyandikana nyumba ali ndi mphamvu yochotsa uthenga kwa onse, ndipo wokhala ndi mphamvuyo naleka bodza ligone m'gulu mpaka m'mawa walephera udindo wake.

Kodi boma limawerenga mauthenga anga a pa WhatsApp?

Kuyambira mu 2016 mauthenga a pa WhatsApp ayenda otsekedwa, kotero kuti angawatsegule ndi foni ya wotumiza ndi ya wolandira zokha. Kampani ya netiweki iona kuti mukugwiritsa ntchito WhatsApp, koma siona mawuwo. Kuimba kwa masiku onse ndi ma SMS zilibe chitseko chotere, ndipo kampani idziwa amene mwamuimbira, nthawi yake, ndi nsanja imene mudali nayo pafupi. Komabe zinsinsi zambiri sizituluka ndi nzeru za boma: zituluka pa foni yosiyidwa pa tebulo yosakiya, pa sikirinishoti ya mnzanu wa m'gulu, kapena pa kompyuta imene wina adailumikiza ku WhatsApp yanu inu mutapita kukasamba.

Za lamulo zili motere. Gawo 17 la malamulo aakulu a dziko liteteza chinsinsi cha munthu ndi nyumba yake, ndipo gawo 20 liteteza ufulu wa kuyankhula. Mu 2021 boma la a Edgar Lungu lidakhazikitsa Cyber Security and Cyber Crimes Act, limene a Hakainde Hichilema adalidzudzula akali otsutsa. Ndipo mu Epulo 2025 iwo omwewo adasaina malamulo awiri olowa m'malo mwake, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act. Malamulowa afuna kuti makampani akhale ndi zida zotha kumvetsera mauthenga akalamulidwa, ndipo aika bungwe loyang'anira zimenezi pansi pa ofesi ya Pulezidenti. Boma linena kuti palibe amene adzamvetseredwa popanda chilolezo cha khoti, ndi kuti cholinga ndi kugwira mbala ndi ozunza ana. Koma bungwe la maloya la Law Association of Zambia lidatsutsa kuti mphamvuzo zakula mopitirira, ndipo ofesi ya kazembe wa America mu Lusaka idachenjeza nzika zake za malamulowa. Kuti mbala za pa intaneti zilipo, palibe wokana. Koma lamulo likhalitsa kuposa amene adalisaina, ndipo poliyesa tiyenera kuliganizira lili m'manja mwa wolamulira amene sitimkhulupirira, pakuti tsiku lina lidzafikamo.

Kodi angatitsekerenso intaneti, kapena kundimanga chifukwa chodzudzula atsogoleri?

Zidachitikapo. Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho, WhatsApp, Facebook, Instagram ndi Twitter zidaleka kutseguka m'dziko lino, ndipo ambiri adaphunzira tsiku lomwelo chimene VPN, pulogalamu yolambalalira chotchinga chotere, ichita. Bungwe la Chapter One Foundation lidathamangira ku High Court, imene idalamula kuti njira zitsegulidwe; ndipo mu Malichi 2022 ZICTA idavomera pamaso pa khoti kuti sidzachita kanthu kunja kwa mphamvu zimene lamulo laipatsa kotsekereza anthu intaneti, ndi kuti intaneti ikadukizidwa idzafotokozera anthu chifukwa chake pasanathe maola 36. Pangano limenelo lidapezeka chifukwa nzika zina zidakana kukhala chete. Za kudzudzula, mlandu wonyoza Pulezidenti, umene udali pa gawo 69 la Penal Code, udachotsedwa mu Disembala 2022, ndipo mu 2023 mudadza lamulo la Access to Information lopatsa nzika mphamvu yofunsa maofesi a boma zimene akusunga. Koma milandu yoipitsa mbiri ya munthu, youtsa chipwirikiti ndi yonyoza mtundu wa anthu ikalipo, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zolemba za pa Facebook. Dzudzulani msewu wosakonzedwa, madzi osatuluka ndi lonjezo losakwaniridwa, mutchule tsiku ndi malo, pakuti umenewo ndi ufulu wanu. Mtundu wa munthu ndi amayi ake muwasiye.

Kodi si mafoniwa amene aononga ana athu? Mwana apatsidwe foni ali ndi zaka zingati?

Chida chatsopano chilichonse chidalandiridwa ndi mantha. Mu 1949 mudafika m'dziko lino kawayilesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special, kopangidwa ndi kampani ya Ever Ready mwa pempho la Harry Franklin, kuti anthu akuda amvere Central African Broadcasting Station ya mu Lusaka, kumene Alick Nkhata ankaimba ndi kuulutsa mawu. Ndipo pa nthawi ya chitaganya kudabuka mphekesera zakuti oulutsa mawuwo ndi anthu opopa magazi. Koma kusiyana kulipo, ndipo n'kwakukulu: wayilesi inkamveredwa pabwalo, agogo ndi adzukulu pamodzi, ndipo chosayenera chikamveka wamkulu ankatseka, pamene foni imveredwa ndi munthu mmodzi m'bulangete, ndipo mapulogalamu ake adapangidwa dala kuti munthu asaleke msanga, popeza phindu la eni ake lichokera ku nthawi imene maso athu akhala pamenepo. Facebook ndi TikTok zomwe zinena kuti wosakwana zaka 13 asatsegule akaunti, ndipo kubetcha, kumene kwadya ndalama za fizi za ophunzira ambiri, n'koletsedwa kwa ana. Chaka chenicheni chopatsira mwana foni achidziwa ndi makolo ake, koma kholo limene lapereka foni lisaleke kufunsa amene mwanayo acheza naye, ndipo usiku foni igone pabalaza. Mwana achita zimene aona: atate amene adya nsima dzanja lina lili pa foni sadzamveka poletsa.

Munthu akamwalira, ndalama za m'foni ndi maakaunti ake zipita kuti?

Ndalama za mu mobile money ndi chuma cha masiye monga ng'ombe kapena nyumba, ndipo sizisanduka za kampani, ndiponso si za mbale amene adadziwa pini. Munthu akafa wosasiya wilo, lamulo la Intestate Succession Act la 1989 ligawa chuma chake motere: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Woyang'anira chuma amene khoti lamuika ndiye apita ku kampani ndi kalata yake ya kukhoti, chikalata cha imfa ndi chitupa chake, kuti ndalamazo zitulutsidwe. Ndipo amene atapa ndalama usiku wa maliro chifukwa foni idali m'manja mwake walanda ana amasiye, ngakhale ati adagulira ndiwo za pamaliro. Musazengereze, chifukwa nambala yokhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani iipereka kwa munthu wina, ndipo WhatsApp ifufuta akaunti imene yakhala masiku 120 osatsegulidwa. Facebook ilola munthu kusankhiratu amene adzasamala tsamba lake iye atapita, ndiponso ilola abale kupempha kuti tsambalo lisungidwe monga chikumbutso kapena lichotsedwe. Amayi ndi abambo, lembani pa pepala manambala anu onse, maakaunti amene muli ndalama, ndi kumene mwasunga zithunzi za banja, osalembapo pini. Ndipo muuze akunyumba kwanu kapena mwana wanu wamkulu pamene mwaika pepalalo.